A Singano ndi Mabokosi Awiri

Loweruka lapitali tinasonkhana ku Scarborough, kuno ku Canada, pokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni bambo Bizwick Namate, ndipo kuchokera tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika. Foni ikalira ndimayamba ndaiyang'anitsitsa kaye ndisanayankhe. Ndaganiza zolemba za iwo, mwina mantha angachepeko.

M'zaka zonse zimene ndinawadziwa, a Namate anandipempha chinthu chachikulu chimodzi chokha. Anali m'chipatala, thupi litatha, mawu akutuluka movutikira. Anandigwira dzanja nati, "A Phiri, ndikapita ndipite ndithu. Musalole munthu adzandiyankhulitse." Ndinavomera. Sindinafunse tanthauzo lake chifukwa tsiku limene mantha amenewa anawalowa ndinalipo.

Amalawi ambiri kuno sankadziwa n'komwe kuti dzina lawo ndi Namate. Tinkangoti a Singano. Ena ankayesa kuti n'chifukwa cha kuwonda, poti analidi munthu woti akaima cham'mbali umachita kumufunafuna. Koma dzinali linachokera ku singano ya galamafoni yawo. Ukawafunsa za umoyo wawo ankayankha mwachidule, koma ukalakwitsa n'kufunsa za singano, basi tsiku lako latha. Ankakuuza kumene anaigula, mmene imalemerera, ndi uchitsiru wa anthu amene amaipukuta ndi chala.

Nyimbo zawo zinali za gulu limodzi la azungu a ku Mangalande, oimba ndi magitala aphokoso aja eni ake amati rock. Ankawatchula kuti "anyamata anga," ngakhale kuti otsala moyo m'gululo anali nkhalamba kuposa iwowo. Anayamba kuwamva ali mnyamata ku Limbe, akukonza mawailesi m'sitolo ya mmwenye wina. Mbale yoyamba ya galamafoni ya gululi anaigula kwa munthu wochokera kumigodi ku Joni. Nthawi imeneyo kwathu mwamuna wa tsitsi lalitali ankaonedwa ngati chigawenga, ndiye pachikuto cha mbaleyo panali amuna anayi a tsitsi lofika m'mapewa. A Namate anatentha chikutocho n'kuika mbaleyo m'chikuto cha nyimbo za kwaya. Ankaseka akamanena kuti mayi awo anamwalira akukhulupirira kuti mwana wawo amagona ndi nyimbo za Mulungu pamutu. Chizolowezicho sanachisiye. Kuno ku Canada, kumene palibe amene angakufunse za tsitsi, mbale imeneyo inali idakali m'chikuto cha kwaya.

Tsiku lina ndinawaonetsa chithunzi cha anyamata awowo n'kuwauza kuti nkhope zimenezi mwana atakumana nazo panjira akhoza kuthawa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Ukaipa dziwa nyimbo, a Phiri. Nanga inu mudziwa chiyani?"

Atapuma ntchito kunyumba yosungira katundu ya ku Etobicoke, ndiponso mayi a kunyumba atamwalira, anasamukira kwa mwana wawo Tadala, yemwe anabadwira konkuno. Anawapatsa chipinda chapansi pa nyumba. Kumeneko n'kumene tinkakumana Lamlungu lililonse masana, tikaweruka kutchalitchi: iwo, ine, ndi a Tembo, mkulu wina wa ku Chipata amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinkachokera ku North York, sitima kenako basi, ndipo ndikachedwa ndinkapeza chitseko chotseka mpaka mbali imodzi ya mbale ithe.

Malamulo anali ambiri ngati kundende. Mtedza osadya nyimbo ikuimba. Foni kuzimitsa. Kugwedeza mwendo ankalola, koma kuimba nawo ayi, poti ankati sanawoloke nyanja kudzamva mawu a a Tembo. Choopsa kwambiri chinali chakuti ankazimitsa chotenthetsera nyumba yonse chifukwa chinkalira pansipansi n'kusokoneza khutu lawo. Tinkakhala ndi majekete, manja m'khwapa, kunja chipale chofewa chili mbuu. Posakhalitsa Tadala ankagogoda pansi ndi chidendene kuchokera pamwamba.

"Dad! Kukuzizira kuno! Turn it back on!"

"Ndamva, mayi," ankayankha choncho, koma osanyamuka.

Gulu la anyamata awo aja linatha kalekale, woimba wake atamwalira mwadzidzidzi akadali mnyamata. Koma panali matepi ambiri amene anajambula osawatulutsa. Zaka zapitazo kampani ina inapeza ena mwa matepiwo n'kuwatulutsa mmene analili, m'bokosi la mbale zingapo. Ife tinkaliti bokosi lofiira. Kunena zoona, kwa munthu wamba zinali zinyalala. Tepi ikusokosa ngati mvula padenga la malata, wang'oma wagwetsa kamtengo, nyimbo yayambika, yalakwika, atukwanana, ayambanso. Koma a Namate ankalikonda kuposa zimbale zenizeni. Ankati chimbale chomalizidwa chili ngati munthu wovala suti paukwati, pamene bokosi lofiira ndi munthu yemweyo m'mawa, asanasambe kumaso. Ankadziwa pamene pali kuseka kulikonse, ndipo ankayamba kumwetulira kusekako kusanafike.

A Tembo sankagwirizana nazo. Iwo ndi munthu wa pa intaneti, ndipo ankabwera ndi mikangano ya anthu a m'mayiko ena yokhudza matepi omwewa: uyu akuti tepi inazungulira mothamanga, uyo akuti gitala si wa mwini wake, wina akuti zabwino zenizeni akuzibisabe. A Namate ankamvetsera maso ali kudenga, kenako n'kufunsa ngati anthu amenewo ali ndi makutu kapena zala zokha. Ankakangana mpaka a Tembo kunyamula chipewa. Lamlungu lotsatira ankabweranso, atanyamula mabanzi.

Pa mbale yomaliza ya bokosi lofiira panali nyimbo imene woimbayo sanaimalize. Inali yodekha, gitala mmodzi ndi mawu basi. Amaimba ndime yoyamba, akafika pakati pa yachiwiri amatsokomola, amaseka pang'ono, n'kuuza anzake kuti adzaimaliza mawa. Kenako tepi imangosokosa. Mawalo sanalione m'nyumba yojambuliramo, ndipo pasanapite nthawi anamwalira. A Namate ankaimirira chifuwacho chisanafike, kuyenda pang'onopang'ono kupita pa galamafoni, ndipo munthuyo akangotsiriza kunena za mawa, ankanyamula singano. Akatero tinkakhala chete kanthawi. Ankati umu ndi mmene timatsazikirana naye.

A Namate anali munthu wovuta, ndisawanamizire ubwino poti anapita. Kumaliro a Amalawi ankafika woyamba n'kuchoka womaliza, koma ankadzudzula oimba kuti akukoka nyimbo. Kwaya ya kutchalitchi kwathu anaisiya atakangana ndi woitsogolera pa nkhani ya zokuzira mawu. Tadala ankamukonda, zinkaoneka, chifukwa galimoto yake ndi iwo ankaichotsa chipale m'mawa uliwonse ngakhale msana unkawavuta. Koma kumuyamikira pakamwa, ayi. Mwanayo atamaliza maphunziro a unamwino anangoti, "Chabwino, ndiye uyamba liti ntchito?" Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake. Anati mwana ukamuyamika amakhala pansi.

Bokosi loyera linatuluka m'nyengo yozizira, chaka chimodzi iwo asanadwale. Linatulutsidwa ndi kampani ina mogwirizana ndi abale a oimbawo, ndipo linali ndi matepi omwe aja koma oyeretsedwa ndi kompyuta. A Tembo anabwera nalo atalikumbatira ngati khanda.

"Mudala, lero muzamvera vinthu," anatero. "Manje mvula ija yasila. Vonse vili poyera."

Tinagwirizana zoti tiziika nyimbo imodzi ya m'bokosi lofiira, kenako yomweyo ya m'bokosi loyera. Poyamba zinkayenda bwino. Ngakhale a Namate anavomera kuti gitala wa besi, amene kale tinkachita kumuganizira, tsopano akumveka ngati waima pakhomo. Koma anadandaula kuti kamtengo kaja sikakugwanso, ndipo kutukwanana achotsa. Anati awa awasambitsa ana anga mpaka kuwachotsa khungu. A Tembo anati munthu wokalamba amakonda fumbi. Ine ndinali pakati, ndikugwedezera mutu uku ndi uku.

Dzuwa likupendeka tinafika pa nyimbo yosamalizidwa ija. Tinamva kaye ya m'bokosi lofiira, a Namate nachita mwambo wawo. Kenako a Tembo anaika ya m'bokosi loyera, akumwetulira ngati munthu amene akudziwa kanthu. Gitala anayamba, mawu analowa, oyera bwino. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri itayamba, a Namate anaimirira mwachizolowezi, nayenda kupita pa galamafoni, dzanja atatambasula kale kuti anyamule singano.

Munthu uja sanatsokomole. Anapitiriza kuimba.

Ndinaona dzanja lawo litauma m'malere. Woimbayo anadutsa pamalo pamene takhala tikumusiya zaka zonsezi, nalowa m'mawu amene sitinawamvepo, nakweza mawu, ng'oma zikulowa pambuyo pake. Anali iyeyo, mawu ake enieni, kusasa kwake komwe kuja. A Namate anabwerera m'mbuyo mpaka miyendo inagunda mpando.

"Akuimbayu ndani?" anafunsa.

A Tembo anatenga kabuku ka m'bokosimo n'kufotokoza kuti mawu a nyimboyo anawapeza olembedwa, ndipo kompyuta inaphunzira mmene malemuyo ankaimbira n'kumalizitsa. Anati ndi mphatso kwa ife omukonda.

"Zimitsani."

"Mudala, mverani chabe isile..."

"Ndati zimitsani! Munthu ameneyu anamwalira!"

A Namate anakhala pansi. Anali munthu wopemphera, wosakonda nkhani za ufiti, ndipo ankaseka anthu obwera ndi zithumwa m'masutikesi. Koma tsiku limenelo anayankhula za ndondocha. Anati kwawo ku Thyolo, ali mwana, ankamva kuti pali anthu amene amadzutsa wakufa kuti aziwagwirira ntchito kuchigayo kapena kumunda, ndipo iwo ankati ndi nkhani zoopsezera ana.

"Ndiye ndaiona lero ndi makutu anga," anatero. "Kwathu ndondocha amati amaidula lilime. Kuno adula munthu yense, asunga lilime."

A Tembo anayesa kuseka koma kusekako sikunagwire. A Namate anakana kuti bokosi loyera likhale m'nyumbamo ngakhale mphindi. Analinyamula okha, kukwera nalo masitepe, n'kuliika panja pa chipale. A Tembo analitola atakwiya ndipo anatha miyezi osabwera.

Kuchokera pamenepo a Namate anasintha. Kale ankatitumizira mauthenga a mawu pafoni, aatali, oyamba ndi moni wa banja lonse n'kuthera pa singano. Anasiyiratu. Anayamba kulemba ndi chala chimodzi, mawu atatu kapena anayi. Akaimba foni n'kupeza makina oti usiye uthenga, ankadula msanga ngati wagwira moto. Pamisonkhano ya Amalawi ankapemphedwa kutsegula ndi pemphero, poti anali wamkulu, koma akaona foni yakwezedwa ankangoti apemphere ena. Pa tsiku lawo lobadwa Tadala anawajambula mobisa akudula keke, ndipo atazindikira panabuka mkangano woti alendo tinachita kutuluka panja.

Ndinayesa kuwalimbitsa mtima. Ndinati inu si woimba wotchuka, ndani angataye nthawi ndi mawu anu? Anandiyankha kuti woimba uja sanadzutsidwe ndi adani ake. Anadzutsidwa ndi abale ake, anthu omukonda. Yankho limenelo linandikhala pamtima, ndipo nanenso ndinayamba kuchita mantha.

Maliro awo atatha ndinachita zimene ndinalonjeza. Ndinafufuta mauthenga awo onse a mawu m'foni yanga, ndipo a Tembo, amene anali atagwirizana nawonso asanadwale, anachita chimodzimodzi. Zinandipweteka, koma ndinachita. Patapita miyezi Tadala anandiimbira kupempha mauthenga omwewo. Ndinamuuza kuti kulibe, ndipo ndinamufotokozera za bokosi loyera ndi zimene bambo ake anandipempha m'chipatala. Anayamba kulira.

"Ankolo, ndili ndi mimba," anatero. "Mwana wanga sadzawamva agogo ake. It's just his voice. Si iwo."

Ndinamuuza kuti ndikumvetsa, koma mawu a malemu sitiwaphwanya. Anati chabwino. Ine ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Ndinaiwala kuti paukwati wake a Namate anayankhula nthawi yaitali, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, ndipo zonsezo zinajambulidwa.

Loweruka lija tinadzaza m'chipinda chochezera cha Tadala. Abusa anapemphera, amayi anaimba, tinadya. A Tembo anafotokoza za kuzizira kwa Lamlungu lija ndipo anthu anaseka. Kenako Tadala anaimirira, mimba ili patsogolo, nati pali wina akufuna kutipatsa moni. Patebulo, pafupi ndi chithunzi cha bambo ake, panali kachokuzira mawu kakang'ono. Ndinazindikira mochedwa. Ndinafuna kuimirira kuti ndimuletse koma iye anali atadina kale.

"Zikomo nonse mwabwera," anatero a Namate.

Mayi wina anagwira pakamwa. Chichewa chimene Tadala amachidziwa bwino ndi cha moni, ndiye n'chimene anawalembera bambo ake. Mawu aja anayamba kutchula anthu mmodzimmodzi, monga ankachitira akalowa pagulu.

"Abusa, muli bwanji?"

Abusa anayang'ana uku ndi uku, kenako anayankha chapansipansi kuti ali bwino.

"A Tembo, muli bwanji?"

A Tembo, amene anabweretsa bokosi loyera lija, nkhope inali itatuwa. Koma anayankha. Nanga akanatani? Tinaleredwa kuti wamkulu akakupatsa moni suyang'ana kumbali. Mwana wa kuno akhoza kungomvetsera ngati wailesi, koma ife pakamwa pamatseguka pokha. Aliyense wotchulidwa anayankha, amayi ena mpaka kuwomba m'manja mwaulemu. Ine ndinali kupemphera mumtima kuti andidumphe. Ndinadziuza kuti ndikatchulidwa ndikhala chete, poti ndine ndinagwiridwa dzanja m'chipatala muja.

"A Phiri, muli bwanji?"

"Ndili bwino," ndinamva pakamwa panga pakutero, "kaya inu?"

Ena onse anangoti ali bwino. Ine ndekha ndi amene ndinabweza funso. Ndipo ndinali womaliza kutchulidwa, choncho panalibe dzina lina lobwera kudzakwirira mawu anga. Funsolo linangokhala pamenepo. Anthu onse m'chipindamo anatembenukira ku tebulo lija, ndipo ndikulumbira kuti tonse, ndi abusa omwe, tinadikira yankho. Sindinachitepo mantha otero chibadwire. Sindikudziwa chimene ndinkaopa kwambiri, kuti ayankha kapena kuti sayankha.

Sanayankhe. Patapita kanthawi mawu aja anayambanso, m'Chingerezi tsopano, kuuza Tadala kuti ndi mwana wabwino ndipo amamunyadira. Tadala anali akulira, dzanja pamimba. Sindinamukwiyire, ndipo mpaka lero sindikumukwiyira. Koma sindikanatha kukhalapo. Ndinadutsa pakati pa mipando, n'kutsegula chitseko cha kukhitchini, n'kutsika masitepe.

Chipinda cha a Namate achipaka utoto watsopano wachikasu, ndipo fungo lake silinathe. Mashelefu anachotsa, patsala timabowo ta misomali m'khoma. Pa kapeti pali malo anayi ophwatalala pamene panali miyendo ya bedi. Pakona atsamiritsa kabedi ka khanda kosamanga, kadakali m'katoni yake, ndi thumba la matewera pambali. Kawindo kakang'ono kaja kali m'mwamba, kolingana ndi nthaka ya panja, ndipo ndinkaona nsapato za alendo ochedwa zikudutsa. Panalibe pokhala, ndiye ndinangoima pakati pa chipindacho.

Denga la chipinda chimenecho n'lopyapyala. Pamwamba pa mutu wanga a Namate anali akuyankhulabe, ndipo m'chipinda mwawo munalibe munthu.